Munda wa Bambo Usanakhale Chikole

M'mudzi wa Talhan, pafupi ndi mzinda wa Jalandhar m'chigawo cha Punjab ku India, muli nyumba yopemphereramo Asikh imene inatchuka chifukwa cha tindege tazidole. Kwa zaka zambiri anyamata ndi atsikana akhala akupita kumeneko ndi tindegeti m'manja, kukapempha Mulungu kuti viza yopitira ku Canada ituluke. Sitikuwaseka ayi, pakuti ndani mwa ife sanagwadepo kupempherera mayeso? Ndipotu ena mwa ife timalakalaka kukaphunzira ku India komweko, kumene eni ake akulota zochokako.

Tiyeni tilingalire za wophunzira wa ku Punjab amene akukonzekera ulendowu. Zambiri zimene amachita n'zodziwika: mayeso a Chingerezi a IELTS, kalata yomulandira ku koleji, kupimidwa kuchipatala, jekete lochindikala loti akalimbane nalo ndi chisanu cha mu Januwale. Zonsezi zili ndi omuthandiza ake. Chimene chilibe womuthandiza, ndipo ife tikuchiona kuti ndicho chachikulu, ndi kukhala pansi ndi makolo n'kuwerengera ngongole moona mtima.

Mabanki a ku India nthawi zambiri amafuna chikole pamene ngongole ya maphunziro yapitirira marupi 750,000, ndipo maphunziro a kunja amadya zochuluka kuposa pamenepo. Kwa mlimi, chikole ndi munda wa tirigu ndi mpunga umene anaulandira kwa atate ake. Banja limasaina mapepala litaika mtima pa masamu ooneka osavuta: mwana azikagwira ganyu uku akuphunzira, akamaliza adzapatsidwa chilolezo chogwira ntchito, kenaka chilolezo chokhazikika, ndipo ngongole idzatha yokha. Vuto ndi lakuti mzati uliwonse wa masamu amenewa uli m'manja mwa boma la dziko lina, limene silinasaine nawo ku banki.

Chaka cha 2024 chinaonetsa zimenezi poyera. Kuyambira pa 1 Januwale chaka chimenecho, ndalama zodzisamalira zimene wophunzira ankayenera kuonetsa kuti ali nazo zinakwera kuchoka pa madola a ku Canada 10,000 kufika pa 20,635, osawerengera fizi. Pa 22 Januwale nduna yoona za olowa m'dzikomo pa nthawiyo, a Marc Miller, inalengeza kuti zilolezo zatsopano za ophunzira zichepetsedwa ndi pafupifupi 35 pa 100 zilizonse. Posakhalitsa, ofuna kuyamba maphunziro m'makoleji ena oyendetsedwa ndi makampani anauzidwa kuti sadzapatsidwa chilolezo chogwira ntchito akamaliza. Mu Novembala njira yofulumira yopezera viza, yotchedwa Student Direct Stream, inatsekedwa, ndipo maola a ganyu kunja kwa sukulu anaikidwa pa 24 pa mlungu. Malamulo anasintha kangapo m'miyezi khumi ndi iwiri, koma chiwongoladzanja cha ku banki sichinadikire munthu.

Pali bala lina lowawa koposa. Mu 2023 ophunzira ambiri a ku Punjab anauzidwa kuti akhoza kuthamangitsidwa ku Canada chifukwa makalata owalandira ku koleji, amene mkhalapakati wina wa ku Jalandhar anawakonzera zaka zingapo m'mbuyomo, anali achinyengo. Ena anali atamaliza kale maphunziro ku makoleji ena ndipo ankagwira ntchito. Ambiri ananena kuti sankadziwa kanthu, ndipo sitivutika kuwakhulupirira, chifukwa mwana wa zaka 18 amene bambo ake apereka ndalama zambiri kwa munthu wovala tayi sayerekeza kufunsa. Komatu safunsa anadya phula. Uthenga umodzi wolembera kolejiyo mwachindunji ukanaulula bodzalo ndege isananyamuke.

Wina anganene kuti tikuopseza ana a eni, pamene kwawoko ntchito n'zosowa ndipo alipo ambiri amene anapita, nakhoza, namangira makolo nyumba. Zimenezo n'zoona, ndipo sitikunena kuti asapite. Tikungoti opambanawo ndi amene zithunzi zawo zimapachikidwa pa zikwangwani za m'tauni. Za mnyamata wogona m'chipinda chapansi ndi anzake asanu ku Brampton, amene amapulumukira chakudya chaulere cha ku nyumba ya mapemphero, sizimveka msanga, chifukwa mayi ake akamuimbira foni amangoyankha kuti zonse zili bwino. Angawauze bwanji zoona pamene akudziwa chimene chinaperekedwa kuti iye akwere ndege?

N'chifukwa chake kukambirana kuja kuyenera kuchitika mapepala a munda asanapite ku banki. Mwana afunse kuti, “Bambo, ndikapanda kupeza ntchito kwa chaka chathunthu, adzalipira ndani? Nanga mlongo wanga adzaphunzira ndi chiyani?” Ndipo bambo ayankhe funso limene ana ambiri amalisunga mumtima: ngati zitakanika, kodi mwanayo angabwerere kwawo popanda kutozedwa? Banja lina likawerengera motere lidzasainabe, lina lidzasankha yunivesite ya ku Chandigarh kapena ku Delhi, kenaka n'kudzaganiza za kunja pa digiri yachiwiri, mwanayo atakhwima ndipo mundawo ukadali m'dzina la bambo ake.