Mtengo Usakalambire M'chubu

Mwezi uno tikambirane za mbande za mitengo ya mtedza zimene timasunga m'machubu, m'zitini ndi m'ndowa zakale kuseri kwa nyumba zathu. Kuyambira ku Cuamba, kudzera ku Mandimba mpaka ku Ngauma, si chachilendo kuona kamtengo kobiriwira bwino kali m'chitini pakhonde, mwini wake akudikira mvula, kapena akudikira tsiku limene adzapeze malo okabzalapo. Mvula imabwera n'kupita, kamtengo kali pomwepo. Kuchedwa kotere n'kumene kumawononga mitengo yambiri isanaone n'komwe dothi la kumunda.

M'mayiko ozizira monga China ndi America muli mtengo wa mtedza wotchedwa walnut. Umenewu umayoyola masamba n'kugona nyengo yonse yachisanu, ndipo popanda chisanu chotere subala bwino. Motero kwathu kuno si kwawo. Ife tili ndi mitengo ina iwiri yotipatsa mtedza. Woyamba ndi mbibu, umene pa Chipwitikizi amati caju. Unachokera ku Brazil, Apwitikizi ndiwo anaubweretsa m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 dziko la Mozambique linali patsogolo pa mayiko onse pokolola mtedza wake. Mbibu umakonda malo otsika ndi otentha monga a ku Cuamba. Wachiwiri ndi mtengo wa makadamiya, wochokera ku Australia, umene umakonda malo okwera ndi ozizirirapo monga ku Gurué m'chigawo cha Zambézia, ku Thyolo ndi ku Ntchisi m'Malawi, ndiponso mtunda wathu wochokera ku Ngauma kulowera ku Lichinga. Kuyambira m'chaka cha 2020 mitengo yonse iwiriyi ili m'manja mwa bungwe la boma la Instituto de Amêndoas de Moçambique, limene linalowa m'malo mwa INCAJU.

Mitengo itatu yonseyi ili ndi khalidwe limodzi. Mbewu ikamera, choyamba kutuluka ndi muzu waukulu wolunjika pansi. Muzuwu ukafika pansi pa chubu n'kusowa kolowera, umapinda n'kuyamba kuzungulira mpaka kukhala ngati nkhata yosenzera mtsuko. Ukakhwima uli wopindika chotero, suwongokanso. Tikabzala mbande yotere kumunda imaphuka ndithu, ndipo zaka zoyamba imatisangalatsa, koma pamene thunthu likukula mizu imadzimanga yokha, mtengo n'kupinimbira kapena kugwa ndi mphepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akuluakulu akukumbukira namondwe wotchedwa Nadia amene anazula mitengo yambirimbiri ya mbibu m'chigawo cha Nampula m'chaka cha 1994. Ngati mphepo igwetsa mitengo ya mizu yabwino, nanga wa mizu ya nkhata udzalimba bwanji?

Tiganizirenso za nthawi imene banja limataya. Mbibu womezanitsa umayamba kubala patapita zaka pafupifupi 3, ndipo makadamiya womezanitsa zaka 4 kapena 5. Munthu amene wathirira mtengo zaka zonsezo, kuutchingira mbuzi ndi kuulambulira moto, akuyembekeza kuti udzamulipirira ana sukulu, amadzazindikira mochedwa kuti unalumala uli m'chubu.

Kodi tingadziwe bwanji kuti mbande yapanikizika? Mizu imatulukira m'mabowo a pansi, mwinanso kulowa m'nthaka imene chubu chakhalapo. Madzi tikathira amangodutsa, dothi n'kuuma tsiku lomwelo. Masamba a m'munsi amasanduka achikasu ndipo nsonga imaleka kukula. Tikaona zimenezi tisazengereze.

Mbibu sukonda kusamutsidwasamutsidwa. Mbande yake iyenera kuchoka m'chubu kupita kumunda pasanathe miyezi yowerengeka, choncho tiyenera kufesa mowerengera kuti ikonzeke pamene mvula yakhazikika, m'mwezi wa Disembala kapena Januwale. Mbande ya makadamiya ndiyo imakhalitsa ku nazale, chaka ndi theka kapena zaka 2 isanakhwime, ndipo ngati inayambira m'kachubu kakang'ono, iyenera kusamukira m'chotengera chachikulu.

Chotengera chabwino n'chozama, osati chotambalala. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20, chodulidwa kukamwa ndi kutsukidwa bwino, chimakwanira. Tisagwiritse ntchito chigubu chimene munali mankhwala a thonje, a fodya kapena mafuta a galimoto. Tiboole mabowo ambiri pansi, ndipo tichikhazike pa njerwa ziwiri. Muzu ukatulukira pa bowo n'kukumana ndi mphepo, nsonga yake imauma yokha ndipo mbande imatulutsa timizu tambiri m'kati. Komanso chiswe sichikwera msanga.

Dothi tisakanize motere: ndowa ziwiri za dothi la pamwamba lotapa pansi pa mitengo, ndowa imodzi ya mchenga wa kumtsinje, ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana amene sakutenthanso. Dothi la makande la kudambo silifunika, chifukwa limasunga madzi ndi kuwoletsa mizu. Pa makadamiya tisamale koposa: mtengowu unazolowera nthaka yosauka, ndipo timizu take timapsa ndi zitosi za nkhuku zaziwisi, phulusa lambiri, ngakhalenso feteleza wa NPK 12-24-12 amene timathira ku chimanga. Manyowa ochepa okhwima bwino ndi okwanira.

Ntchito yosamutsayi tiigwire madzulo kapena tsiku la mitambo, osati masana a Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndiponso osati pamene mbande yangotulutsa masamba anthete. Tithirire dzulo lake kuti dothi ligwirane. Chubu ticheng'ambe ndi mpeni m'mbali, tisakoke mbande pogwira tsinde. Tikatero tiyang'ane mizu mwachifatse. Yoyera ndi yamoyo. Yakuda ndi yofewa yawola, tiichotse. Imene yayamba kuzungulira tiimasule ndi zala, ndipo ngati muzu waukulu wapinda pansi, tiudule ndi mpeni wakuthwa pamwamba pang'ono pa mpindiko. Ambiri timachita mantha kudula muzu, koma bala loyera limapola ndi kutulutsa mizu yatsopano, pamene nkhata imakhala mpaka mtengo kufa. Mbande imene mizu yake yonse yapotana kuyambira pakhosi ndi bwino kuitaya lero kusiyana ndi kudzalira patapita zaka 5.

Poika m'chotengera chatsopano, dothi lifike pomwe linkalekezera kale. Pamene anamezanitsa pakhale pamwamba, posakhudza dothi. Titsendere pang'ono ndi manja, tithirire mpaka madzi atulukire pansi, kenaka tiike mbande pa mthunzi wa chisakasa cha udzu kwa masabata awiri tisanayambe kuizoloweza dzuwa pang'onopang'ono.

Pothirira masiku otsatira, chala ndicho mlangizi: tichilowetse m'dothi, ndipo ngati muli chinyontho tidikire. Mbande zambiri za m'zitini zimafa ndi madzi ochuluka kuposa ludzu. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala chigubu chimatentha kwambiri, motero tichikulunge ndi udzu kapena chiguduli. Mphukira zotuluka m'munsi mwa pomezanitsa tizithothola zikadali zazing'ono, chifukwa zikakula zimalanda chakudya cha mtundu wabwino umene tinaugula. Tisiye tsinde limodzi lowongoka, ndipo tilimangirire ku kamtengo ndi luzi mosathinitsa.

Komabe tisaiwale kuti chigubu ndi chigono cha paulendo, si mudzi. Mbibu ndi makadamiya ndi mitengo ikuluikulu yokhala zaka makumi ambiri, ndipo m'chigubu sidzatipatsa mtedza wodzaza ngakhale lichero. Dzenje tikumbiretu mvula isanagwe, lozama ndi lotambalala masentimita 60, kutali ndi nyumba, chitsime ndi chimbudzi. Mbibu utalikirane mamita 10 kapena 12, makadamiya mamita pafupifupi 8. Tikabzala tiphimbire ndi udzu wouma koma usakhudze tsinde, ndipo timange mpanda wa minga chifukwa cha mbuzi.

Makolo athu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Ife timakonda kuganiza za thunthu tikamva mwambiwu, koma mbali yoyamba kupindika ndi imene ili m'dothi. Choncho sabata ino, mvula isanatipeze, tiyeni aliyense anyamule chitini chake, achitembenuze, aone zimene zili pansi. Amene ali ndi zigubu zapadera agawireko anzawo, ndipo achinyamata athandize okalamba kukumba maenje. Tikumanenso mwezi wamawa.