Makina owongola mawu: kwaya za ku Mulanje zisankhe mwanzeru

Kwaya ya pa Mishoni ya Mulanje ikafuna kutulutsa chimbale, imasonkha ndalama kwa miyezi, kenako n'kukwera minibasi pamsewu wa Midima kukalowa mu situdiyo ku Limbe kapena ku Blantyre. Ina imangoitana mnyamata wa laputopu ndi maikolofoni kuti adzajambulire m'tchalitchi momwemo. Oimba amakambirana za nyimbo, za zovala za m'kanema ndi za malipiro a wojambula. Chomwe sakambirana kawirikawiri ndi chimene chimachitikira mawu awo iwo atabwerera kwawo, pamene wojambula watsala yekha ndi kompyuta.

Pa nthawi imeneyo mawu amadutsa m'mapulogalamu owongola noti zomwe woimba waphonya. Mapulogalamuwa alipo amitundu ingapo, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana. Kusankha kwa wojambula n'kumene kumachititsa kuti kwaya imveke ngati iyo yomwe pa wailesi ndi pa YouTube, kapena imveke ngati gulu lachilendo limene eni ake sangalizindikire.

Pulogalamu yotchuka kwambiri ndi Auto-Tune, yomwe kampani ya Antares ya ku America idatulutsa m'chaka cha 1997. Mwini luso lake, Andy Hildebrand, adali katswiri wa masamu ounikira mafunde a pansi pa nthaka pofufuza mafuta, ndipo adagwiritsa ntchito masamu omwewo poyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu a munthu. Pulogalamuyi imamvera woimba, imayeza noti imene watulutsa, n'kuikokera pa noti yapafupi ya mu kiyi yomwe wojambula wasankha. Ikamakoka pang'onopang'ono, womvera sazindikira kanthu. Ikamakoka mwaliwiro kwambiri, mawu amadumpha kuchoka pa noti ina kufika pa ina ngati a chidole. Kamvekedwe kameneka kadadziwika ndi nyimbo ya Cher yotchedwa Believe mu 1998, ndipo T-Pain adakasandutsa chizindikiro chake kuyambira mu 2005. Lero kali ponseponse m'nyimbo za achinyamata a m'tauni, kuno kumudzi ngakhale ku Lagos ndi ku Johannesburg, ndipo kumeneko palibe chinyengo chifukwa aliyense akudziwa kuti ndi chokometsera.

Mtundu wachiwiri ndi wa Melodyne, wa kampani ya Celemony ya ku Munich m'dziko la Germany, womwe udayamba kugulitsidwa mu 2001. Umenewu umaonetsa noti iliyonse pakompyuta, ndipo wojambula amasuntha ndi dzanja yokhayo imene yapotoka, zina zonse n'kuzisiya mmene woimba adazitulutsira. Ntchitoyi imadya nthawi ndipo imafuna khutu lakuthwa. Mapulogalamu ojambulira nawonso ali ndi zida zawo: FL Studio, yomwe achinyamata ambiri amayambira, ili ndi Pitcher yowongola yokha ndi NewTone yowongolera pamanja, Cubase ili ndi VariAudio, pomwe Logic Pro ili ndi Flex Pitch. Palinso zaulere monga GSnap ndi MAutoPitch. Auto-Tune yeniyeniyo, ya mtengo wapamwamba, nayo ili ndi gawo lowongolera pamanja, kungoti njira yachangu ndiyo imakopa wojambula amene ali ndi makasitomala ambiri pamzere.

Vuto la kwaya lagona pa mmene anthu amaimbira pamodzi. Amishoni a ku Scotland, amene adayambitsa mipingo yomwe lero ndi Sinodi ya Blantyre ya CCAP, kuphatikizapo Mishoni ya Mulanje, adaphunzitsa kuimba m'magulu anayi pogwiritsa ntchito do, re, mi. Mibadwo yakhala ikuimba Nyimbo za Mulungu m'njira imeneyi, nthawi zambiri popanda choimbira chilichonse. Oimba otere sayeza mawu awo ndi piyano, amamverana okhaokha. Akatswiri amagawa mtunda wochoka pa batani limodzi la piyano kufika pa loyandikana nalo m'tizigawo 100. Pa piyano, kuchoka pa do kufika pa mi ndi tizigawo 400, koma mgwirizano wosalala umene khutu limakonda uli pa tizigawo 386. Kwaya yozolowerana imakonda kutsikira pamenepo yosadziwa n'komwe, ndipo ndicho chimachititsa kuti nyimbo ya amayi a Mvano ilowe mpaka m'mafupa. Pulogalamu imene yasiyidwa pa muyeso wa piyano imaona kutsika kokomako ngati cholakwa, n'kukukonza.

Chachiwiri, Auto-Tune idapangidwira liwu limodzi pa nthawi imodzi. Siingalekanitse oimba 30 amene ajambulidwa ndi maikolofoni imodzi. Pofuna kuthana ndi zimenezi, ojambula ena amasankha anthu awiri kapena atatu pa gulu lililonse, amawajambula mmodzimmodzi, amawongola aliyense, kenako n'kuunjika mawuwo kuti amveke ngati khamu. Chimbale chimatuluka chosalala, koma oimba ambiri amene adasonkha ndalama amangooneka m'kanema, mawu awo mulibe. Melodyne, kuyambira mu 2009, imatha kulekanitsa noti zolira pamodzi, komabe siingatole munthu mmodzi pakati pa anthu khumi amene akuimba noti yofanana.

Nkhaniyi imakula ikafika pa nyimbo za makolo. Mulanje ndi kwawo kwa Alhomwe, ndipo mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umachitikira kwa Chonde m'boma lomwelo. Gule wa tchopa adalowa m'kaundula wa UNESCO wa miyambo ya dziko lapansi mu 2014. Nyimbo za magule otere zili ndi mawu otsetsereka, kukuwa ndi kuvomerezana kumene sikudalembedwe pa mabatani a piyano. Kuchigwa cha Shire, ofufuza adapeza kuti valimba ya Asena imagawa mtunda wa do mpaka do wapamwamba m'masitepe asanu ndi awiri otalika pafupifupi mofanana, osati 12 monga piyano. Kwaya zambiri masiku ano zimabwereka maimbidwe a makolo popeka nyimbo zauzimu. Maimbidwewo akakokeredwa pa muyeso wa ku Ulaya, chotsala ndi mawu a Chilhomwe kapena Chichewa ovala chovala cha eni ake.

Ndalama nazo zikulamula. Mapulogalamu abwino amagulidwa ndi madola, ena amalipiridwa mwezi ndi mwezi, pamene ndalama zakunja zikusowa m'mabanki ndipo kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Zotsatira zake n'zakuti masitudiyo ena ang'onoang'ono amadalira mapulogalamu otengedwa mwakuba pa intaneti, amene angabwere ndi mavairasi n'kuononga ntchito ya kwaya yonse. N'chinthu chochititsa manyazi kuti oimba amene amadandaula ku COSOMA za anthu okopera nyimbo zawo ajambulidwe ndi zida zobedwa. Wojambula wosowa madola ali ndi njira yolungama: zida zomwe zimabwera pamodzi ndi pulogalamu yake yojambulira, kapena zaulere, zimakwanira ngati ntchito yoyamba idachitika bwino.

Ntchito yoyambayo ndiyo phata la zonse. Kwaya imene yakonzekera mokwanira, yajambulidwa m'chipinda chopanda phokoso, magulu ake anayi atapatsidwa maikolofoni awoawo, siifuna kuwongoledwa kwambiri. Kubwereza ndime katatu kumatenga mphindi zochepa kuyerekeza ndi maola okonza noti pakompyuta. Wotsogolera nyimbo akaphonya noti imodzi m'ndime imene waiimba ndi mtima wonse, chida chowongolera pamanja chimapulumutsa ndimeyo popanda kupha kunjenjemera kwa liwu lake. Woimba wachinyamata wofuna kamvekedwe ka makono ali ndi ufulu wotsegula Auto-Tune mpaka pamapeto. Cholakwika n'kuthira mankhwala amodzi pa nthenda zonse.

Choncho atsogoleri a kwaya ali ndi mafunso oyenera kufunsa asanapereke ndalama. Kodi oimba onse ajambulidwa, kapena osankhidwa okha? Kodi mawu awongoledwa ndi chida chiti, pamanja kapena mongosiyira makina? Kodi kwaya ipatsidwa mwayi womvera nyimbo isanakonzedwe ndi itakonzedwa kuti isankhe yokha? Wojambula wodziwa ntchito yake sangakhumudwe ndi mafunso otere.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimbale chikatchuka, kwaya imaitanidwa ku maukwati, ku maliro ndi ku misonkhano ya mpingo, kumene kulibe kompyuta yobisalako. Anthu amene adamva mawu osalala pa foni amayembekezera omwewo m'tchalitchi, ndipo kusiyana kukakula, mbiri ya kwaya ndiyo imaonongeka, wojambula atalandira kale zake. Kwaya ya ku Mulanje imene yaumirira kuti chimbale chake chimveke ngati mmene imaimbira Lamulungu m'mawa ikhoza kutsala ndi noti ziwiri kapena zitatu zopendekeka, koma idzaimirira pamaso pa anthu popanda mantha.