Diso la Mwana wa ku Nsaru Silingadikire Kampeni

Pa 14 June 1993 tinavotera matipate kuti tizilankhula mopanda mantha. Ine lero ndilankhulapo za nthenda imene andale saitchula pamsonkhano: khansa ya lymphoma.

Khansayi imayambira m'maselo oyera a magazi. Mtundu wina, umene Denis Burkitt anaufotokoza ku Uganda mu 1958, umagwira ana m'madera a malungo ngati kwathu kuno: tsaya limatupa, diso limatuzuka, chotupa n'kukula m'masabata ochepa. Wina umamera mu ubongo kapena m'kati mwa diso, makamaka mwa anthu amene HIV yawafooketsa. Mutu umawawa, nzeru zimasokonekera, maso amachita chifunga.

Zizindikiro za mtundu wachiwiriwu zimafanana ndi za TB ya mu ubongo, ndipo kumudzi amangoti walodzedwa. Kuti dokotala atsimikize, pafunika kujambula mutu ndi CT kapena MRI, kutapa madzi a pamsana kapena a m'diso, ndi kudula kamnofu kokaunika ku labu. Mankhwala a steroid akaperekedwa kamnofu kasanadulidwe amafwetsa chotupa kwa kanthawi, labu osapeza kanthu.

Labu yotere ilipo. Inatsegulidwa ku Kamuzu Central Hospital mu 2011 mothandizana ndi UNC Project. Kuchokera ku St Gabriel's ku Namitete ndi msewu wa tala wokhawokha. Komatu kwa mayi wa ku Kabudula kapena Nambuma, amene fodya wake sanagulidwe, Lilongwe ali kutali ngati Joni. Bwana wa ku Area 10 amaona dokotala tsiku lomwelo, mwana wa mlimi amadikira ndalama ya minibasi. Kodi demokalase tinkaifuna ija ndi imeneyi?

Ndikupempha zitatu. A zaumoyo kumidzi aphunzitsidwe kuti diso lotuzuka ndi lotumiza ku Central tsiku lomwelo. Boma lilipire ulendo wa wodwala ndi womudwazika. Zotsatira za labu zimutsate wodwala pa foni, asachite kuzilondola.

Inu abale amene munabwerera kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam ndi London, munaona zipatala za eni ake. Musangodandaula pakhonde, kafunseni phungu wanu. Ana ambiri a Burkitt amachira akayamba mankhwala msanga, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.