Mafayilo a sukulu asamasamuke ndi mphunzitsi

Aphunzitsi anzanga, tiyankhane funso ili. Mnzathu akalandira kalata yoti wasamutsidwa, kaya akupita ku Balaka kaya ku Mangochi, ma scheme of work ake, mayeso akale ndi malikisi a ana amatsala kuti? Yankho tonse tikulidziwa: amapita nazo. Zili mu laputopu yake, kapena pa flash ija yodzaza mavairasi imene imayenda m'thumba la jekete. Wobwera m'malo mwake amayambira pa ziro, ana a Fomu 4 ali duu, MSCE ikuyandikira.

Ine maganizo anga ndi akuti sukulu iliyonse kuno ku Ntaja, ngakhale CDSS ya kumudzi, itsegule akaunti yakeyake ya Google Drive. Ndikuti ya sukulu, osati ya Bambo Uje amene amadziwa kompyuta. Google imapereka 15 GB ulere, ndipo zolemba za mawu okhaokha sizidya malo ambiri. Mutsegulemo mafoda atatu monga mwa madipatimenti athu, Sayansi, Zilankhulo ndi Humanities, aliyense aziikamo ntchito yake. Basi.

Ena anena kuti tili kale ndi gulu la WhatsApp. Eya, tili nalo. Koma yesani kufufuzamo mayeso a Biology a chaka chatha pakati pa mauthenga a maliro, mavesi a m'mawa ndi mikangano ya Bullets ndi Wanderers. Foni ikabedwa pa depoti, zonse zapita. Komanso pa WhatsApp pepala limodzi limabereka ana asanu, aliyense wakonza lake, osadziwika kuti lomaliza ndi liti. Pa Drive pepala ndi limodzi, ndipo limaonetsa amene wasintha ndi tsiku lake. Taganizani za mayeso a mock a cluster: m'malo moti aliyense akwere kabaza ulendo katatu kukakumana ndi anzake, mafunso angakonzedwe aliyense ali kwake, n'kukumana kamodzi kokha kuti agwirizane.

Za netiweki ndi magetsi sindikana, n'zovutadi. Pali malo ena oti Airtel kapena TNM uyifune utakwera pachulu. Koma Google Docs imalola kulemba popanda intaneti, zolembazo n'kudzakwera netiweki ikabwera. Nanga bandulo? Vidiyo imodzi ya pa Facebook imadya kuposa scheme ya teremu yonse. Ndipo tisaiwale kuti pepala nalonso lili ndi adani ake. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anatiphunzitsa kuti kabati ya mu ofesi siteteza kanthu madzi akalowa. Chiswe ndiye sichidikira n'komwe namondwe.

Pamene ndikufuna tichenjere ndi apa. Mu 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa anabooka, ana n'kudzalembanso kumayambiriro kwa 2021. Mapepalawo ankayenda pa mafoni. Ndiye foda yoti aliyense amene ali ndi link atsegule, muli mayeso oti sanalembedwe, ndi kuitana fisi kukhola. Mphunzitsi mmodzi akangobwereketsa foni kwa mwana wake kunyumba, mawa kalasi yonse yakhoza. Mayeso osalembedwa aziwaona wolemba ndi mkulu wa dipatimenti basi. Drive imalola kusankha woti angowerenga, woti apereke ndemanga ndi woti asinthe. Tigwiritse ntchito zimenezo. Malikisi ndi mayina a ana nazonso si zomwaza, makamaka pano pamene dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection la 2024.

China chimene ambiri saganizira ndi password. Ikhale ndi ahedi ndi achiwiri awo, ndipo nambala ya foni yobwezeretsera akaunti ikhale ya sukulu. Ndinamvapo za sukulu ina imene inatsegula akaunti pa nambala ya mphunzitsi mmodzi. Atasemphana mawu ndi ahedi n'kusamuka, anasiya kuyankha foni, ndipo mafayilo a zaka zitatu alipo mpaka lero koma palibe angawatsegule.

Bandulo ya ntchito imeneyi isatuluke m'thumba la mphunzitsi. Ilembedwe pa bajeti ya sukulu pamodzi ndi choko ndi mapepala, ndipo ahedi posainira kuti wosamuka wabweza makiyi ndi mabuku, aziyamba atsegula foda yake aone ngati muli kanthu.