Kalata kwa Nduna ya Zachuma: Makhoti a M'makomboni Apatsidwe Gawo Lawo

Olemekezeka Dr Situmbeko Musokotwane,

Ndalembera inu, osati Jaji Wamkulu Mumba Malila, chifukwa iwo angadandaule za nyumba zoweruziramo milandu mpaka mawu kusasa, koma thumba lili m'manja mwanu. Nkhani yanga ndi ya malokolo khoti a muno mu Lusaka: la ku Boma, la ku Chilenje, la ku Chelstone, la ku Matero, la ku Kanyama ndi anzake.

Wodutsa mu Independence Avenue akaona chinyumba cha High Court, chomangidwa nthawi ya atsamunda, angayese chilungamo chonse cha dziko lino chimagona pamenepo. Kumeneko kumapita milandu ikuluikulu, komanso ya anthu a ku Kabulonga ndi Woodlands otha kulemba loya. Mayi wa ku Kabwata amene wangoika maliro a mwamuna wake, achibale a malemu n'kuyamba kuwerenga mipando ya pabalaza, amathamangira ku lokolo khoti kuti pasankhidwe woyang'anira chuma cha masiye. Ukwati wa malobolo ukamatha, bambo akakana kulera ana, aneba akatukwanizana pampopi, wa kaloba akavuta, onsewo amathera komweko. Pa milandu yotere loya sayimira munthu. Aliyense amadziyankhulira m'Chinyanja kapena m'Chibemba. Kwa anthu ambiri a mumzinda uno, khoti lokhalo limene adzalowemo pa moyo wawo ndi limeneli.

Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 2 miliyoni m'boma la Lusaka. Mzinda watambalala mpaka kukhudza Chongwe ndi Chilanga, koma zipinda zoweruzira sizinakule nawo. Mu 2016 tinakhazikitsa Constitutional Court ndi Court of Appeal, mu 2022 tinawonjezera khoti la milandu ya katangale ndi zachuma. Zonsezi n'zabwino, koma khoti lililonse latsopano limafuna chipinda, kalaliki ndi posungira mafayilo, ndipo akuluakulu akamagawana malo, wamng'ono ndiye amatsala panja. Chipinda chikasowa mlandu umaimitsidwa. Mboni imene yasiya tebulo lake la tomato ku Soweto imabwerera osanena kanthu, tsiku lina siibweranso. Kwa majisitireti nako, kasalanga, galimoto ya akaidi, amatenga anthu ku ndende za Chimbokaila ndi Kamwala Remand m'mawa n'kuwabweza madzulo mlandu usanamveke. Makolo ankati mlandu suola, koma fayilo imaola denga likamadontha.

Ndikudziwa yankho limene ambiri angapereke: CDF, ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu. Mu bajeti ya 2022 munakweza ndalamazi kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo pofika 2025 zinali K36.1 miliyoni. Madesiki afika m'masukulu, ana alipiriridwa maphunziro, ngakhale apolisi anagulidwira magalimoto ndi ndalama zomwezi. Ndikuyamikira. Koma taonani, wapolisi akapeza galimoto amagwira anthu ambiri, ndipo onsewo amakaunjikana pakhomo la khoti lija losakula.

Ngakhale zili choncho, sindikupempha kuti makhoti azimangidwa ndi CDF. Ndalamazi zimadutsa m'makomiti a m'mawodi ndi a dera, kumene khoti lingapikisane ndi mjigo, ngalande ndi chipinda cha amayi oyembekezera. Lidzagonja, poti palibe amene amaganiza za khoti asanalandire samani. Ndipo likapambana, vuto lina labuka: woweruza adzakhala m'nyumba imene phungu akuiloza pamsonkhano wa kampeni kuti ndamanga ndine. Mawa m'bale wa phunguyo akadzakhala ndi mlandu momwemo, amene waluza adzanena chiyani potuluka?

Ku America nyumba zambiri za makhoti ndi za maboma ang'onoang'ono, ndipo ndiwo amakagogoda ku boma la chigawo. Texas inakhazikitsa thumba lokonzera makhoti ake akale mu 1999. Kuno Lusaka City Council si mwini makhoti, choncho palibe meya kapena khansala amene ntchito yake ndi kuwalirira. Njira imene tili nayo ili m'malamulo aakulu a dziko. Ndime 123 imati nthambi ya zamakhoti izidzisungira yokha ndalama, izikambirana mwachindunji ndi unduna wanu, ndipo izipatsidwa zokwanira chaka chilichonse. Loya John Sangwa anapita nayo nkhaniyi ku Constitutional Court, ndipo mu 2023 khotilo linavomereza kuti ufulu wa makhoti pa zachuma sunakwaniritsidwe.

Pempho langa ndi ili, a Nduna. Mu Yellow Book, buku la bajeti, mukhale mzere woonekera wa kumanga ndi kukonza nyumba za makhoti, malokolo khoti atchulidwe paokha, kuti ndalama zawo zisamezedwe ndi zosowa za makhoti akuluakulu. Ndalamayo izituluka yonse ndi pa nthawi yake, osati theka mu Novembala mvula itayamba kale. Mugwirizanenso ndi anzanu a unduna wa zamalo ndi khonsolo kuti m'madera atsopano ngati Chalala musungidwe malo a khoti mapuloti asanathe. Mukadzaima ku Manda Hill kuwerenga bajeti, mudzatiuze zipinda zingati zimangidwe chaka chimenecho ndi m'makomboni ati, kuti ifenso tidzathe kupita kukaziwerenga.

Ine wanu,
Nzika ya ku Kabwata, Lusaka