Phala lisathere ku Sitandade 8

Anzanga, belu la bureki lisanalire, mimba zambiri m'kalasi mwathu zimakhala zayamba kale kulira. Wina akaweramira pa desiki timati ndi ulesi. Wina akathamangira kwa amayi a mandasi pa geti timamuseka kuti ndi wadyera. Koma zimenezi zimayambira m'thupi, ndipo ndi chifukwa chake ndikupempha kuti phala libwere ku sekondale kuno.

M'chifu mwathu mumapangidwa homoni yotchedwa ghrelin. Chifu chikakhala chopanda kanthu, ghrelin amachuluka m'magazi, n'kupita ku ubongo. Tikadya amatsika. Koma homoni payokha siingachite kanthu. Ili ngati kiyi, imafunika loko. Loko ya ghrelin ndi kacholandirira kotchedwa GHSR, kamene kamapezeka kwambiri ku hypothalamus, mbali ya ubongo yoyang'anira njala, ndi ku pituitary, kumene kumachokera homoni yokulitsa thupi. Chodabwitsa n'chakuti loko inapezeka kiyi asanadziwike. Asayansi anapeza GHSR mu 1996, ndipo ghrelin anadzapezeka mu 1999 ku Japan, ndi gulu la Masayasu Kojima ndi Kenji Kangawa, atafufuza m'chifu cha makoswe. A Fomu 4 lembani, mwina aphunzitsi a Biology angakupatseni malikisi aulere.

Kiyi akalowa mu loko pamachitika zinthu ziwiri. Njala imakula, ndipo homoni yokulitsa thupi imatuluka. Ife amene mathalauzi akutifupikira teremu iliyonse, nkhaniyi ndi yathu. M'mabanja ena amene GHSR inabadwa yolakwika, madokotala anapeza kuti ana ena amakhala aafupi msinkhu.

Mu 2008 ku Canada anabaya anthu ghrelin n'kuwaonetsa zithunzi za zakudya uku akuwajambula ubongo ndi makina. Mbali za ubongo zokhudza chilakolako zinagwira ntchito mwamphamvu kuposa pamene sanabayidwe. Ghrelin sapangitsa munthu kukhala mbuli ayi, koma amakokera maganizo ku chakudya. Tsono taganizani mnzathu amene wayenda wapansi kuchokera kumtunda kwa Ndirande, chidyereni dzulo madzulo. Aphunzitsi akulemba masamu pa bolodi, iye akumva fungo la zigege kunja kwa mpanda. Ameneyo n'kumutcha waulesi, eti?

Ambirife tinakulira phala ku pulayimale. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yake kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, ndipo lero limadyetsa ana ochuluka m'sukulu za pulayimale. Tinkanyamula kapu m'chikwama limodzi ndi makope. Phala la likuni lija, la chimanga ndi soya, linkatifikitsa masana. Titangosankhidwa kupita Fomu 1, kapu ija inatsala kunyumba. Kodi chifu chimadziwa kuti mwini wake wakhoza mayeso a Sitandade 8? Chimangotulutsa ghrelin monga kale, pamene thupi lake tsopano ndi lalikulu ndipo likufuna zambiri. Anzathu a kusukulu zogonera komweko amadya katatu. Ife a CDSS timalemba nawo MSCE yomweyo.

Ena ati, "Inu ndinu akuluakulu, pirirani." Kupirira timapirira ndithu, ndipo njala imabwera n'kuzilala, chifukwa ghrelin amakwera pa nthawi imene thupi linazolowera kudya kenako amatsikako ngakhale usanadye. Koma kuzilala kwa njala sikutanthauza kuti thupi lalandira kanthu.

Kusamva njala n'komwe nthawi zina kumakhala chizindikiro choopsa. Mwana wonyentchera kwambiri akapita naye kuchipatala, amayamba amuyesa ngati angadye chiponde. Akadya, amatha kulandira chithandizo akuchokera kunyumba. Akakana, amamugoneka, monga zimakhalira ku Moyo House pa chipatala cha Queen Elizabeth. Odwala khansa ambiri amaonda chifukwa chakudya sichiwalowa, ndipo ku Japan mu 2021 analoleza mankhwala otchedwa anamorelin, amene amatsegula loko yomwe ija kuti wodwala ayambenso kufuna kudya. Kumbali ina kuli matenda obadwa nawo a Prader-Willi, amene ghrelin amakhala wokwera ndipo mwana samva kukhuta. Choncho musanaseke munthu chifukwa cha kadyedwe kake, dziwani kuti simukuona zimene zikuchitika m'magazi mwake.

Pali zina zimene tingakonze tokha. Kafukufuku wa mu 2004 ku America anasonyeza kuti munthu akagona maola ochepa, ghrelin amakwera. Inu amene mumachezera usiku wonse mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, kapena pa WhatsApp, mukudziwonjezera njala ya mawa. Komanso homoni yokulitsa ija imatuluka kwambiri munthu akagona tulo tofa nato. Za ndalama ya bureki nazo: zakudya zomanga thupi zimatsitsa ghrelin kwa nthawi yaitali kuposa zotsekemera. Mtedza wokazinga ndi mbatata zikufikitsa patali kuposa firizi ndi switi.

Koma amene alibe ndalama ya bureki malangizo amenewa samuthandiza, ndipo alipo ambiri kuposa amene amaulula. Atsikana ndi anyamata a msinkhu wathu sanena kuti kwathu sitinadye, amangoti mutu ukuwawa.

Pempho langa likupita kwa mapulifekiti ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Pa msonkhano ukubwerawu nkhani ya phala ikhale pa mndandanda. Tiwerengetse kuti matumba angati a ufa ndi soya angakwane teremu imodzi, nkhuni zingati, ophika ndani. Sukulu yathu ili pafupi ndi mafakitale a ku Makata, ndipo kalata yopempha thandizo tikhoza kulemba ife eni ake mu English Club, ahedi n'kusayina. Ngati sukulu yonse singatheke, tiyambe ndi a Fomu 2 ndi Fomu 4 teremu ya mayeso. Makapu tibwera nawo tokha.