Loboti Sangalowe M'malo mwa Dotolo

Anthu ambiri, makamaka nkhalamba ndi acinyamata odwala nthenda ya magazi ya sickle cell, amalephera kuyenda cifukwa ca kuperepeseka kwa mfundo ya m'ciuno, pamene fupa la nchafu limalumikizana ndi ciuno. Cithandizo cake ndi opaleshoni: kudula mutu wa fupa wakuthawo ndi kuikapo wacitsulo, umene umazungulira m'kambale ka pulasitiki. Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi Sir John Charnley pa cipatala ca Wrightington ku England m'caka ca 1962.

Bvuto lalikulu pa nchitoyi ndi muyeso. Kambale kakapendekeka pang'ono cabe, fupa limaguluka, kapena mwendo wina umatalika kuposa unzake. Ici ndico cifukwa cake akatswiri anabweretsa kompyuta ndi loboti. Kompyuta imaunika zithunzi za mafupa a wodwala ndi kuonetsa dotolo malo enieni oikapo kambale, ndipo mkono wa loboti umaletsa dzanja lake kupyola malirewo.

Luso limeneli ndi lofunika kuliyamikira, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Loboti wochedwa ROBODOC anayamba kugwira nchito pa anthu ku Sacramento m'dziko la America mu 1992, ndipo zipatala za ku Germany zinamlandira mwamsanga. Pambuyo pake odwala ambiri kumeneko anakasuma ku khoti, nati atsala otsimphina, ndipo zipatalazo zinamleka. Makina a masiku ano amaika kambale molunjika ndithu, komabe umboni wakuti odwala amayenda bwino koposa, kapena kuti citsulo cimakhalitsa, ukali wocepa. Mtengo wakenso ndi woopsya: mu 2013 kampani ya Stryker inalipira madola 1.65 biliyoni pogula kampani ya Mako yopanga makinawa, ndipo ndalama zotere zimabwezedwa ndi zipatala pamodzi ndi odwala.

M'Zambia cosowa ceniceni ndi madotolo a mafupa, zitsulo zoika m'ciuno, ndi zipinda za opaleshoni zaukhondo. Mlimi wa ku Lundazi amene wakhala zaka akuyendera ndodo safunsa za loboti. Afuna tsiku lake la opaleshoni lifike. Motero Unduna wa Zaumoyo uyenera kuyamba ndi kuphunzitsa madotolo ambiri pa University Teaching Hospital ku Lusaka ndi kuwatumiza m'zigawo zonse. Loboti adzabwere pambuyo, adzapeze manja odziwa kale nchito, pakuti khasu lakuthwa silimalima lokha.